Mawu akuti "chaos" amayenda ndi mawu ati m'Chingerezi?

Telala wa ku Kapata analemba:

Moni nonse. Ine ndimasoka pakhonde la shopu pafupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata. Sukulu ndinalekezera giredi 9, choncho Chingerezi changa ndi chapawailesi ndi chapalisiti. Funso ili lachokera m'kope la mwana wanga wamkazi amene ali giredi 12.

Aphunzitsi anawauza kuti alembe chimangirizo chofotokoza tsiku limene sadzaiwala. Iye anasankha Nc'wala, mwambo wa Angoni, chifukwa chaka chatha anapita ndi azakhali ake ku Mtenguleni. Amene munapitako mukudziwa mmene msewu umakhalira Loweruka lomaliza la February: malole odzaza anthu ovala zikopa kumutu, maminibasi, njinga zamoto zikupyola paliponse, apolisi akuimitsa magalimoto kuti akuluakulu adutse, kwinaku lole yatitimira m'matope m'mbali mwa msewu. Pobwerera madzulo ndiye osanena. Mwanayu anafotokoza bwino ndithu, koma aphunzitsi anadula mizere yofiira pansi pa ziganizo zitatu:

"There was a big chaos on the road."
"The drivers made chaos."
"Many chaoses happened that day."

Pambali analembapo "wrong collocation" basi. Kalasi lawo ndi lodzaza, sanapeze mpata wofunsa bwino.

Ine apa ndiye sindikumvetsa. "Big" ndi chachikulu, "chaos" ndi chipwirikiti. Pachinyanja "chipwirikiti chachikulu" palibe angakutsutse. Nanga cholakwa chili pati? Ndipo ngati "big" ndi "make" sizikufunika, mawu oyenera ndi ati? Ndikufuna ndimuuze zoona, osati zongopeka. Chinanso, pakhomo timatsutsana katchulidwe kake. Ine ndimati "chawosi", iye amaseka.

Mphunzitsi Wopuma, Katete, anayankha:

Atate a mwana, moni. Ndinaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka kupuma, ndipo ziganizo zitatuzi ndazidula mizere kosawerengeka. Mwana wanu sanalakwe tanthauzo. Mawu onse amene anasankha akutanthauza chimene iye amafuna. Vuto ndi loti m'chilankhulo chilichonse mawu ali ndi anzawo amene anazolowerana nawo, ngati ng'ombe zapagoli: mutha kukhala ndi nkhunzi ziwiri zamphamvu, koma ngati sizinakokerepo limodzi, mzere ukhota. Kuzolowerana kumeneku ndiye "collocation" imene aphunzitsi analemba.

Ifenso tili nazo, kungoti sitiziona chifukwa tinayamwira. Timati mvula yamphamvu, Mngerezi amati "heavy rain", yolemera. Timamwa mankhwala ngakhale akhale mapiritsi, iye amati "take medicine". Fungo timalimva, ndiye mwana amakalemba "I heard a bad smell", woyesa mayeso n'kugwira pakamwa. Mlendo akabwera n'kunena kuti "kwagwa mvula yolemera", timumva, koma tidziwiratu kuti si wakuno. Ndi mmene "big chaos" imamvekera kwa mwini chilankhulo.

Tiyambe ndi chiganizo chachitatu chifukwa ndicho chosavuta. "Chaos" ndi dzina losawerengeka, lili m'gulu la "water", "furniture" ndi "advice". Silitenga "a" kutsogolo, silitenga "s" yochulukitsa kumapeto, ndipo "many" siyandikira. Akafuna kusonyeza kuti zinachitika m'malo angapo, alembe "scenes of chaos". Mwachitsanzo: "There were scenes of chaos all along the road to Mtenguleni." Chowerengeka apo ndi "scenes", chipwirikiticho chatsala mmene chilili.

Tsopano m'malo mwa "big". Afotokozi amene amayenda ndi dzinali pafupifupi onse amanena za kukwanira, osati kukula: "total chaos", "complete chaos", "absolute chaos", "utter chaos", "sheer chaos". Zili ngati Mngerezi samayeza chipwirikiti ndi msinkhu koma amafunsa ngati mwatsala kadongosolo kena kapena ayi. Ife tikati "chinali chipwirikiti chokhachokha" tayandikira kwambiri ganizo limeneli. Pa onsewa ine ndimakonda "utter" m'chimangirizo, chifukwa ndi mawu amene amakonda zinthu zoipa: "utter nonsense", "utter failure". "Total" ndi "absolute" amamveka kwambiri pocheza. Chikafalikira dera lalikulu ndi "widespread chaos". Ndiye pali ena onena mtundu wake: "traffic chaos", "political chaos", "economic chaos". Chiganizo choyamba chija chikanakhala "There was utter chaos on the road" kapena mwachidule "There was traffic chaos."

Pa aneni ndi pamene pali nkhani, ndipo ndikhalapo pang'ono. "Make" imayenda ndi "noise", "trouble" ndi "a mess", koma pa "chaos" amati "cause" kapena "create". "The drivers caused chaos." Izi n'zokwanira kupeza malikisi. Koma mwana wofuna kulemba mokoma adzifunse funso limodzi: chipwirikiticho chinabwera bwanji?

Ngati chinabuka mwadzidzidzi, ngati wina wakuwa kuti wakuba pakati pa msika, ndi "chaos broke out" kapena "chaos erupted". Onani kuti ifenso timati chinabuka, sitinena kuti chinachitika. Ngati chinatsatira chinthu china chimene mwangotchula kumene, ndi "chaos ensued": lole yatseka msewu, "and chaos ensued". Mneni ameneyu ndi wam'mabuku, pocheza simudzamumva kawirikawiri. Ngati chinakhalitsa, palibe wochiletsa, ndi "chaos reigned", kunena kuti chinalamulira ngati mfumu.

Ngati zinthu zinali bwino n'kumaipa mpaka dongosolo kutheratu, amati "descended into chaos". Akuluakulu anzanga akukumbukira June 1990, boma la a Kaunda litakweza kwambiri mtengo wa ufa. Ophunzira apayunivesite anayamba zionetsero, anthu a m'makomboni analowerera, mashopu anaswedwa, anthu anafa, ndipo pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pawailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale sizinakhalitse maola ambiri. Wolemba mbiri ya masiku amenewo angalembe "Lusaka descended into chaos." Mneni ameneyu akutanthauza kutsika, ndipo anzake ambiri amaloza pansi: "slide into chaos", "plunge into chaos". 

Ngati chinthu chochokera kunja ndicho chasokoneza zimene zinakonzedwa, ndi "thrown into chaos". Chitsanzo chapafupi ndi January 2024, kolera itavuta ku Lusaka mpaka bwalo la National Heroes kusanduka chipatala, masukulu m'dziko lonse n'kuchedwa kutsegulira mpaka February. "The school calendar was thrown into chaos." Msonkhano umene unayamba ndi pemphero n'kutha ndi mipando m'mwamba, "the meeting ended in chaos".

Aperekezi musawaiwale, ndi amene amagwetsa ana ambiri. "The market was in chaos", ndi "in" pamene zinthu zili kale momwemo. "Into" ndi pamene zikulowa. "Amid the chaos" ndi pakati pake: "Amid the chaos, I lost sight of my aunt." Ndipo akafuna mfotokozi wochokera ku dzinali, ndi "chaotic": "The journey home was chaotic."

Amayi a Mapasa, Lundazi, anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndiwonjezere mbali imene ndinaiona pantchito. Ndinakhala zaka zambiri ndikutayipa malipoti ndi maminitsi a misonkhano muofesi ina, ndipo chimene chinkandivuta si afotokozi, koma anthu kugwiritsa "chaos" pa chilichonse. Mzere wa feteleza wapindika pang'ono, wina wadumpha mnzake, mlembi walemba kale "total chaos". Lipoti likafika kwa abwana akutali, iwo amaona ngati kunali kuponyana miyala, n'kutumiza anthu kudzafufuza, pomwe kunali kungokankhana. Mawuwa ndi olemera, osamawatola pa zazing'ono.

Muuzeni mtsikanayo asiyanitse ndi "confusion". "Confusion" imakhala m'mutu, anthu sakudziwa chochita kapena chimene chili choona. Kumbukirani January 2013 pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, K50,000 n'kukhala K50, ndalama zakale ndi zatsopano zikuyenda pamodzi, ngwee n'kubwereranso. Agogo pamsika ankawerenga chenji kawiri katatu osakhulupirira. Imeneyo inali "confusion", ndipo imayenda ndi mawu ake: "great confusion", "widespread confusion", "confusion over the new prices", "to avoid confusion", "to clear up the confusion". Palibe anathawa, palibe thebulo linagubuduzika, choncho sinali "chaos".

Komanso kuno kwathu mawu a "confusion" tinawapatsa ntchito ina. Munthu akati "there was confusion at the bus station", nthawi zambiri akutanthauza kuti kunali ndewu. Timamvana tokhatokha, ndipo ine sindiona chovuta. Koma Mngerezi akamva choncho aganiza kuti anthu sankadziwa basi yoti akwere. Phokoso ndi kuthamangathamanga kwa kanthawi kochepa ndi "a commotion", ndipo iyi imatenga "a" bwinobwino: "caused a commotion". Ndewu yaphokoso ya anthu angapo ndi "a fracas", mawu amene manyuzipepala athu amawakonda kwambiri. Chipani kapena timu ya mpira ikasokonekera mkati, "in disarray". Dziko likakhala pa mpungwepungwe kwa miyezi, "in turmoil".

Ana anga ndinkawauza kuti akatola nyuzipepala, kaya Times of Zambia kaya Daily Mail, ngakhale imene anakulungira matemba, akapeza mawu atsopano asakopere liwu limodzi. Akopere ndi lakutsogolo ndi lakumbuyo kwake.

Mwana wa Kum'mawa ku Lusaka anayankha:

Atate, pa katchulidwe mwana wanu akhoza kuseka ndithu, pepani. Ndi "keyosi". "Ch" ameneyo amamveka "k", monga mu "chemistry", "choir", "character" ndi "Christmas". Onsewa anachokera ku Chigiriki, n'chifukwa chake amatchulidwa mosiyana ndi "child" kapena "cheese". "Chaotic" ndi "keyotiki", mphamvu ili pa "yo".

Kwa Agiriki akale mawuwa sankatanthauza phokoso kapena kuthamangitsana. Ankanena chiphompho chachikulu chopanda kanthu chimene ankakhulupirira kuti chinalipo dziko lisanakhale. Mwina n'chifukwa chake ena mwa aneni amene aphunzitsi atchula aja ndi otsetsereka ndi kugwera, koma apa ndikungoganiza ine. Chimene ndi chodziwika n'chakuti mawu akuti "gas" anapangidwa kuchokera pomwepa ndi katswiri wa sayansi Jan Baptist van Helmont m'zaka za m'ma 1600. Ndiye gasi amene ena akuphikira masiku ano a kuzimazima kwa magetsi ndi m'bale wake wa chipwirikiti.

Pali awiri ena amene aphunzitsi sanawatchule. Woyamba "on the brink of chaos", zinthu zatsala pang'ono kutayika koma sizinafike. Wachiwiri ndi "chaos theory", umene timaumva m'kalasi la masamu. Uwu sukamba za chisokonezo cha anthu. Ukamba za zinthu zimene zimatsata malamulo ndithu, koma kusiyana kochepetsetsa poyambira kumabala zotsatira zosiyana kwambiri patsogolo. Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo wa ku America, analemba za izi mu 1963, ndipo mu 1972 anakamba nkhani yofunsa ngati gulugufe wokupiza mapiko ku Brazil angayambitse kamvuluvulu ku Texas. Ndicho chifukwa chake azanyengo amatha kukuuzani za mawa, koma sangalonjeze tsiku lenileni la mwezi wamawa limene mvula yodzalira igwe ku Chadiza. M'chimangirizo cha Nc'wala asaikemo izi, ndangoti mudziwe.

Ngati pakhomo pali foni ya intaneti, madikishonale a ophunzira Chingerezi amaonetsa ziganizo zachitsanzo pansi pa tanthauzo, ena amaika mawu oyendera limodziwo m'zilembo zakuda kwambiri. Ana ambiri amawerenga mzere woyamba wokha n'kutseka. Zitsanzozo ndiye zofunika.

Dalaivala wa Chipata–Katete anayankha:

Ine mundikhululukire, ndayamba ndi kudandaula. Chilichonse chikavuta pamsewu, "the drivers caused chaos". Tsiku la Nc'wala msewu ndi womwewo umodzi wa Great East, malole a katundu opita ku Mwami sanaime, anthu achokera ku Lusaka, ku Malawi ndi kwina, aliyense akufuna kufika nthawi imodzi. Mwezi wa August zomwezo ku Mkaika pa Kulamba. Dalaivala alakwa chiyani? Mwanayo alembe kuti "the crowds caused chaos", aphunzitsi ampatsabe malikisi ake.

Komanso ine ndimaona ngati mukuvutitsa ana. Ndikanena "big chaos" pasiteshoni, ndani sandimva? Azungu amene ndimanyamula popita ku Mfuwe nthawi zina sanandifunsepo kawiri. Mmodzi wa iwo ataona mmene timapakirira, matumba a chimanga pansi, njinga pamwamba, nkhuku pansi pa mpando, kondakitala akudziwa mwini wa chilichonse ndi potsikira pake osalemba paliponse, anati "organised chaos". Ndinafunsa tanthauzo, anati ndi zinthu zooneka zosokonekera kwa wongoyang'ana, koma eni ake akudziwa chimene akuchita. Amenewo ndiye mawu amene ndinawakonda, ndipo ndikanakhala ndi minibasi yangayanga ndikanawalemba kumbuyo.

Telala wa ku Kapata analembanso:

Zikomo nonse, ndakopera zonse m'buku limene ndimalembamo miyezo ya makasitomala. A dalaivala, mawu anu ndampatsira mwanayo, akuti iye anaona ndi maso minibasi zitatu zikupikisana kulowa pampata wa imodzi, ndiye sasintha.

Walembanso ndime ija motere, aphunzitsi muione:

"When a lorry got stuck in the mud, utter chaos broke out and complete chaos reigned until the road descended into total chaos. The rain also wrecked havoc on our clothes."

"Havoc" ameneyu anamumva pa nkhani za pawailesi. Kodi ndi chimodzimodzi ndi "chaos"?

Mphunzitsi Wopuma, Katete, anayankhanso:

Ndaseka, atate. Mtsikanayu waphunzira msanga, koma wathira zonse m'chiganizo chimodzi. "Chaos" katatu pamzere umodzi, woyesa mayeso adziwa kuti mwana waloweza mndandanda ndipo akufuna kuutsitsa wonse asanaiwale. Asankhe chimodzi. Lole inatitimira mwadzidzidzi, choncho "When a lorry got stuck in the mud, chaos broke out" yakwana, ngakhale popanda "utter". Ziganizo zotsatira zionetse chipwirikiticho osachitchulanso dzina: mahutala, amayi obereka ana akutsika kuyenda pansi, minibasi zitatu zija pampata umodzi, wapolisi akuimba wezulo popanda womumvera. Malikisi ambiri a chimangirizo ali pamenepo. Ndinkawerenga mapepala a ana mulu wonse, ndipo limene ndinkalikumbukira madzulo linali la mwana amene anandionetsa chinthu, osati amene anandiuza kuti kunali "total chaos" n'kusiyira pomwepo.

A dalaivala akunena zoona pa mbali yawo. Pasiteshoni "big chaos" imagwira ntchito, ndipo sindingaime pakhomo la minibasi kukonza Chingerezi cha munthu amene akundifikitsa kwathu. Koma mwanayu akukalemba mayeso a Examinations Council of Zambia, ndipo kumeneko amayeza Chingerezi cholembedwa. Mawa adzalemba kalata yofunsira ntchito, wowerenga sadzakhala ndi mpata womufunsa kuti umatanthauzanji.

Za "havoc": si chimodzimodzi. "Chaos" ndi kusowa kwa dongosolo, "havoc" ndi kuwononga. Namondwe Freddy atafika kumwera kwa Malawi mu March 2023, mapiri kugumuka, matope kukwirira nyumba ku Blantyre, milatho kukokoloka, anthu mazanamazana kufa, pamenepo ndi pamene amati "the cyclone wreaked havoc". Mneni wake ndi "wreak", amatchulidwa "riki" ndi "i" wotalika, "w" samveka. Sali "wreck" amene mwana wanu walemba, ngakhale akuluakulu ambiri, ndi atolankhani omwe, amasokoneza awiriwa chifukwa "wreck" nayenso amanena za kuphwanya. "Wreak" ndi mneni wosowa anzake, kunja kwa "havoc" mudzangomupeza ndi mawu ochepa monga "destruction" ndi "revenge". Mperekezi wake ndi "on": "wreaked havoc on the crops". Chilala cha 2024, chimene a Pulezidenti Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa February chaka chimenecho, chinachita zomwezo ku chimanga.

Ndiye mvula kunyowetsa chitenje cha azakhali si "wreak havoc", mawuwo akula. Pali kanenedwe kena kopepukirapo, "play havoc with", ka zinthu zimene zasokoneza mapulani kapena kagwiridwe ka ntchito: "Load shedding has played havoc with my business", chimene inu atelala mungalembe ngati makina anu ndi amagetsi. Pa zovala zonyowa angolemba "We were soaked to the skin" kapena "Our clothes were covered in mud." Onaninso kuti apa akuti "covered in", ngakhale "covered with" amalolanso. Akamaliza kukonza ndimeyo muitumize yonse, ndione ngati aneni ake onse akhala m'nthawi yakale, chifukwa ana ambiri akafika pokoma nkhani amalumphira mu "is" ndi "are" osazindikira.